Zochita akampani ya ngongole ya nyumba akamakuimbirani foni osalekeza ku America

Mwadumpha miyezi iwiri osalipira mogeji, ngongole ya nyumba ija, ndipo foni yayamba kulira ngati pali maliro. Muli pa shifiti kunyumba yosamalira okalamba ku South Bend m'boma la Indiana, mukuthandiza gogo kudzuka pabedi, iyo ikungonjenjemera m'thumba. Pa buleki mukupeza nambala yomweyo yaimba kanayi. Mwina mwaganiza kale zopita kukhoti kukalengeza kuti ngongole zakukanikani, zomwe kuno amati bankruptcy, koma simunasonkhanitse ndalama za loya. Nkhaniyi ndi ya masabata ovuta apakatiwo.

Choyamba, dziwani amene akuimbayo

Lamulo la dziko lonse lotchedwa Fair Debt Collection Practices Act, la m'chaka cha 1977, limamanga manja anthu otolera ngongole za eni, koma kawirikawiri silikhudza banki yomwe inakukongozani ikamatolera yokha. Ngati ngongole yanu inaperekedwa kwa kampani ina mutayamba kale kulephera kulipira, kampaniyo imatengedwa ngati yotolera ngongole ndipo lamuloli limaigwira. Choncho tulutsani sitetimenti yomaliza, muone dzina lili pamwamba, mukumbukirenso mwezi womwe dzinalo linasintha. Maboma ena ali ndi malamulo awoawo owonjezera: ku California lamulo la Rosenthal limagwira ngakhale wokongoza weniweniyo.

Amene lamuloli limawagwira saloledwa kukuimbirani 8 koloko m'mawa isanakwane kapena 9 koloko usiku itadutsa, kukutukwanani, kukuopsezani kuti mumangidwa, kapena kuuza aneba ndi abale za ngongole yanu. Kuyambira pa 30 November 2021, akaimba koposa kasanu ndi kawiri pa masiku asanu ndi awiri pa ngongole imodzi, amaganiziridwa kuti aphwanya lamulo. Mukawauza kuti abwana anu salola mafoni otere kuntchito, ayenera kusiya kukuimbirani kumeneko.

Chachiwiri, kagulireni kope

Kope wamba la dola imodzi. Foni iliyonse muzilemba tsiku, nthawi, nambala, dzina la woimbayo ndi mawu omwe wanena. Mauthenga a mawu musafufute, ndipo muzijambula sikirini ya mafoni omwe simunayankhe. Zikuoneka ngati ntchito yachibwana, koma loya mukamuuza kuti "amaimba kwambiri" alibe pogwira, pomwe mukamuonetsa tsamba lolembedwa kuti Lachiwiri anaimba kasanu, komaliza 9:40 usiku, amakhala tsonga. Lamulo lija limalola kupatsidwa mpaka $1,000 kuwonjezera pa zomwe mwataya, koma mlandu wake uyenera kutsegulidwa chisanathe chaka. Palinso lamulo la 1991 la mafoni, Telephone Consumer Protection Act, lomwe limaika $500 pa foni iliyonse ya mawu ojambuliratu yobwera pa foni yam'manja popanda chilolezo chanu, ndipo chilolezocho mukhoza kuchichotsa.

Za kujambula mawu samalani. Ku Indiana mukhoza kujambula zomwe mukukambirana inuyo, koma ku California ndi ku Florida onse awiri ayenera kuvomera.

Chachitatu, yankhani kamodzi mutakonzeka

Apa ndi pomwe ambirife timalakwitsa. Timachita manyazi, foni n'kuitembenuza chafufumimba, makalata n'kumangowaunjika pamwamba pa fuliji osatsegula. Komatu ena mwa mafoni amenewa ndi olamulidwa ndi boma: kampani yoyendetsa mogeji imayenera kuyesa kulankhula nanu pofika tsiku la 36 mutadumpha kulipira, ndi kukulemberani kalata ya njira zothandizira pofika tsiku la 45. Kusayankha kumangochititsa makina awo kupitiriza kuimba.

Sankhani nthawi yomwe mwapuma, kope lili patebulo. Funsani kuti mwatsalira ndalama zingati zonse pamodzi ndi zilango, mwini ngongoleyo ndi ndani, ndipo pemphani fomu ya loss mitigation, yomwe ndi pempho loti akusinthireni kalipiridwe kapena akupumitseni miyezi ingapo. Musalonjeze tsiku lolipira lomwe simungakwanitse chifukwa choti woimbayo akulankhula mwaulemu. Musawapatse nambala ya akaunti ya kubanki kuti azidzidulira okha. Akakupanikizani, nenani kuti zonse akulembereni kalata, kenako tsazikani.

Fomu ija ili ndi mphamvu kuposa momwe imaonekera. Kawirikawiri kampani siloledwa kuyamba zolanda nyumba mpaka mutadutsa masiku 120 osalipira, ndipo mukapereka fomu yodzaza bwino kudakali masiku oposa 37 kuti nyumba igulitsidwe, ayenera kuiunika m'masiku 30 asanapitirize. Alangizi a zanyumba ovomerezedwa ndi unduna wa zanyumba wa HUD amathandiza kudzaza mafomuwa kwaulere. Aliyense wokuimbirani kuti "tipulumutsa nyumba yanu, tumizani kaye ndalama", kapena wokuuzani kuti musainire nyumbayo m'dzina lake kwa kanthawi, ndi chikomekome cha mkuyu.

Chachinayi, lembani kalata yowaletsa

Mizere itatu yakwana: dzina lanu, nambala ya ngongole, ndi mawu oti asiye kukuimbirani foni ndipo azilankhula nanu pa kalata pokha. Itumizeni pa certified mail kuti mukhale ndi umboni woti alandira, ndipo musunge kope lake. Ine sindilangiza kuwaletsa kulumikizana nanu kotheratu, ngakhale lamulo limalola, chifukwa nkhani yake ndi ya denga lomwe ana anu akugona pansi pake, ndipo muyenera kumadziwa zomwe akukonza. Kalatayo imatontholetsa foni basi. Ngongole imakhalapobe, chiwongoladzanja chimakwerabe. Akapitiriza kuimba, dandaulani pa webusaiti ya Consumer Financial Protection Bureau, bungwe la boma loteteza anthu pa nkhani za ngongole, komwe makampani nthawi zambiri amayankha m'masiku 15.

Chachisanu, pezani loya msanga, ndipo musaseweretse ndalama

Kuuza woimbayo kuti "ndikupita ku bankruptcy" sikumuletsa kanthu. Chomwe chimasintha zinthu ndi kulemba loya ntchito: wotolera ngongole akadziwa dzina ndi nambala ya loya wanu, ayenera kulankhula ndi iyeyo. Maloya ambiri a nkhanizi sakulipiritsani pokumana nawo koyamba, ndipo simukuyenera kukhala nzika ya America kuti mutsegule mlandu wa bankruptcy, bola mukukhala kuno kapena muli ndi katundu kuno.

Muwafotokozere ngati nyumbayo mukuifunabe, chifukwa njira za bankruptcy n'zosiyana. Chapter 7 imafafaniza ngongole zambiri koma chikole cha banki pa nyumba chimatsala, ndipo ngati simungabweze zotsalira, banki ikhoza kupempha khoti kuti ipitirize kulanda. Chapter 13 imakupatsani zaka zitatu mpaka zisanu kuti mubweze zotsalirazo pang'onopang'ono. Kutsegula Chapter 7 ndi $338, Chapter 13 ndi $313, osawerengera za loya, ndipo muyenera kuchita kaphunziro ka uphungu wa ngongole m'masiku 180 musanatsegule.

Tsono nayi mbuna yomwe ife akumudzi timagweramo. Munthu akaona kuti zinthu zavuta amafuna kuyamba wabweza kwa achimwene ake kapena kwa alamu omwe anamuthandiza dipoziti, kuti pachibale pasaipe. Khoti limayang'ana m'mbuyo chaka chathunthu pa ndalama zobwezedwa kwa achibale, ndi masiku 90 pa ena onse, ndipo likhoza kukawalanda achimwene anuwo. Chimodzimodzinso kusamutsira galimoto m'dzina la mkazi wanu. Puloti ya ku Area 49 kapena nyumba ya ku Chilomoni muyenera kuitchula pa mapepala, ngakhale ili kutali chotani, pakuti mumasaina molumbira. Ndalama zotumiza kumudzi ndi za chipereganyu muuzeni loya zonse, asadzazimvere kwa wina.

Pepala la samani likabwera lisagone pa fuliji. Ku Indiana kulanda nyumba kumadutsa kukhoti, ndipo mukapanda kuyankha m'masiku olembedwa pamenepo, woweruza amagamula inu mulibe.

Tsiku lotsegula mlandu

Mapepala a bankruptcy akangolowa kukhoti, chiletso chotchedwa automatic stay chimayamba nthawi yomweyo, popanda kudikira woweruza. Mafoni, makalata okakamiza, ngakhale kugulitsa nyumba komwe kunakonzedwa mawa lake, zonse zimaima, ndipo apa zilibe kanthu kuti woimbayo ndi banki yeniyeni kapena wotumidwa. Ngati munali ndi mlandu wina wa bankruptcy womwe unathetsedwa m'chaka chapitacho, chiletsochi chimatha pa masiku 30 pokhapokha loya apemphe kuti chitalikitsidwe.

Masiku oyambirira foni ikhoza kulirabe chifukwa chidziwitso cha khoti chimatenga nthawi kufika. Yankhani, perekani nambala ya mlandu, tsiku lomwe munatsegula ndi dzina la loya, kenako lembani m'kope lija. Akaimbanso atadziwa, uzani loya tsiku lomwelo, chifukwa khoti limatha kuwalipiritsa. Ndipo ngati mwasankha Chapter 13, mogeji ya mwezi wotsatira muilipire pa nthawi yake, kaya kudzera kwa trasiti, munthu woikidwa kuyang'anira mlandu wanu, kapena mwachindunji, monga momwe pulani yanu yalembera.