Kawolokedwe ka mlatho wolendewera, musakagwire njakata pakati

Anzanga a muno mu Blantyre amene mukufuna kukwera basi pa Wenela kukaona mlatho wa nsungwi uja wa ku Kandewe, ku Rumphi, ndikuuzeniko zomwe ndinaphunzira nditapitako. Mlathowu uli pa mtsinje wa South Rukuru, unamangidwa koyamba mu 1904, ndipo eni mudzi ndi amene amaukonza nsungwi zikayamba kutha.

Musanaponde, yang'anani kaye pomwe aumangirira kumtunda komanso nsungwi zopondapo, ngati zina zathetheka kapena zafumbwa funsani eni dera, iwowo amawoloka daile ndiye amadziwa pofooka. Masilipasi vulani, bola nsapato zogwira phazi. Foni m'chikwama, chikwama kumsana, manja onse awiri akhale a mlatho basi. Zojambula mukajambulire kutsidya.

Nkhani yaikulu ndi kayendedwe. Mlatho wotere umayankha phazi lanu, mukaponda umatsika, mukanyamula phazi umabwerera, ndiye mukayenda mothamanga kapena mukamaponda nthawi imodzi ndi mnzanu wakumbuyo kugwedera kuja kumangowonjezekera mpaka mumamva ngati ukutayani. Dikirani wapatsogolo afike kaye kutsidya. Pondani pakati penipeni, phazi lina patsogolo pa linzake, mawondo opinda pang'ono, ndipo dzanja lisamasiye pogwira linalo lisanagwire. Ine nditafika pakati ndinayang'ana pansi, pamipata ya nsungwi madzi akuthamanga, ndipo zinaoneka ngati mlatho ndi umene ukuyenda, chizungulire nthawi yomweyo. Bambo wina amene amatiperekeza anangoti, "Achimwene, maso pa mtengo uwo kutsidyako, madzi asiyeni." Zinathandizadi. Mantha akakugwirani imani, pumani mpweya, mlatho udekhe kenako pitirizani, osatembenuka chifukwa potembenukapo ndi pomwe thupi limapendekera mbali imodzi.

Kumbukiraninso kuti pakati ndi potsika, ndiye theka loyamba mukutsetsereka, lachiwiri ndi chikweza, pamenepa musafulumire poti mwaona kuti mwatsala pang'ono.

Nthawi ya dzinja, kuyambira Disembala mpaka Malichi, nsungwi zonyowa zimaterera koopsa ndipo mtsinje umakhala wodzaza, ine ndingakonde mupite m'chilimwe. Mwana wamng'ono mberekeni kumbuyo ndi chitenje chomanga bwino, osati kumugwira padzanja, ndipo amene walawako mowa adikire kumtunda komweko.