Posankha bwana wochokera kunja woti adzagule mbewu ku Dedza ndi Ntcheu

Makampani akuluakulu a zakudya akafuna mbatata ya kachewere ku Bembeke, Lizulu ndi Tsangano, kapena soya, nyemba ndi mtedza ku Linthipe ndi Lobi, nthawi zina amatumiza manijala wawo wochokera kunja. Malangizo awa ndi a inu amene mumakhala nawo posankha munthuyo, komanso atsogoleri a makopaletivi amene mudzagwire naye ntchito. Mapepala a sukulu ndi ofunika, koma mgwirizano wa kampani ndi alimi sugwera pamenepo. Umagwera pa sikelo, pa munda, pa maliro ndi pa kayankhulidwe.

Makampaniwa amadziwa kale kuti dziko lililonse lili ndi kadyedwe kake. McDonald's itatsegula ku India mu 1996 sinaike nyama ya ng'ombe kapena ya nkhumba pa zakudya zake. Kunonso, amene akukonza chakudya choti chigulidwe ku Mayani ndi madera ena kumene kuli Asilamu ambiri ayenera kuganizira za chiphaso cha halaal, kuwonjezera pa cha Malawi Bureau of Standards. Zimenezo n'zapafupi. Chovuta ndi munthu amene adzaime pamaso pa alimi.

Musamulembe ntchito atangoyankha mafunso pa kompyuta. Abwere kaye ngati mlendo, masabata awiri, makamaka mu Januwale kapena Febuluwale misewu ili matope. Mukamukhazike pa msonkhano wa kalabu pansi pa mtengo, inu muzingoyang'ana. Kodi wapereka moni asanayambe nkhani? Akuyang'ana wotchi kangati? Amayi akhala pa mphasa cha kumbali, kodi wawafunsa kanthu, kapena akungoyankhula ndi abambo a pamipando? Agogo akazungulira ndi nkhani, akuwadula pakamwa? Wofunsa kwambiri kuposa kulamula ndiye wanu. Dziko limene wachokera lisakunyengeni: wa ku Zambia angamve Chichewa koma n'kukhala mlendo weniweni kumudzi, pamene wa kutali amene anagwirapo ntchito ndi alimi ang'onoang'ono angazolowere msanga. Funsaninso za banja lake. Ngati mkazi kapena mwamuna wake ndi ana adzakhala ku Lilongwe chifukwa cha sukulu, mudziwiretu kuti bwana wanu azidzayendetsa ntchito pafoni.

Chilolezo chake chogwirira ntchito, chija amati TEP, chimachokera ku Immigration ndipo chimakhala cha zaka 2. Kampani iyenera kuonetsa kuti luso lakelo silikupezeka kuno. Muikireni wachiwiri wake Mmalawi kuyambira tsiku loyamba, munthu wa mphamvu zosaina ndi kutsutsa, osati womasulira chabe.

Akayamba ntchito, asalowere pazenera. Ayambe ku ofesi ya zaulimi ya pa boma, apite ku EPA, ofesi ya alangizi a zaulimi ya m'deralo, akaonane ndi mkulu wa alangizi, kenako kwa mfumu yaikulu, kwa gulupu, mpaka kwa nyakwawa. Wodumpha mfumu sakanizidwa poyera. Amangoona kuti pamsonkhano pabwera anthu asanu.

Tsopano nkhani ya munda, imene alendo ambiri amaphonya. M'midzi yambiri ya kuno ukwati ndi wa chikamwini. Bambo amene wabwera kudzasaina kuti alima maekala awiri a mbatata mwina ndi mkamwini. Mundawo ndi wa kwa mkazi wake, ndipo wa mawu pa iwo ndi mwinimbumba, malume ake a anawo. Banja likasokonekera mu Malichi, bambo amanyamula bulangete n'kubwerera kwawo, mbatata n'kutsala, koma ngongole ya mbewu ndi feteleza ili m'dzina lake. Choncho pa fomu pakhale funso lakuti munda ndi wa yani, asaine onse awiri, ndipo a mfumu achitire umboni.

Manijala aphunzitsidwenso kumva mayankho athu. "Tamva" si "tavomera". "Tikaganizire" nthawi zambiri ndi kukana kwaulemu. Akafunsa gulu kuti "Mwagwirizana nazo?" onse adzati eya, chifukwa mlendo sachititsidwa manyazi pagulu. Njira yabwino n'kufotokoza, kutuluka, kuwasiya akambirane okha kwa ola, kenako wapampando abwere ndi madandaulo. Msonkhano umene palibe wadandaula mtengo, umenewo sunayambe n'komwe. Akuluakulu awatchule ndi mfunda wawo, a Phiri, a Nabanda, a Ngozo, ndipo kapitawo akalakwitsa amudzudzulire m'ofesi, osati pamaso pa aganyu.

Pa sikelo ndiye pamafunika kudekha. Mlimi wa ku Tsangano anazolowera kugulitsa pa ndowa kapena pa thumba losanjikiza pamwamba, zazikulu ndi zazing'ono pamodzi, ndalama pompo. Kampani imafuna makilogalamu ndi magiredi. Ikabweza mbatata yaing'ono, yobiriwira ndi dzuwa kapena yotemeka ndi khasu tsiku logula osachenjeza, mlimi amati waberedwa, ndipo sitingamunene. Magiredi aonetsedwe asanabzale: milu itatu ya mbatata yeniyeni pa mphasa, ndi thabwa loboola pa msinkhu umene kampani ikufuna, kalabu iliyonse isunge lake. Zinenedweretu kuti yobwezedwayo ndi ya mlimi, akagulitse pa Lizulu. Tsiku logula, yambani mwapachika thumba la feteleza losatsegula la makilogalamu 50 aliyense akuona, ndipo nkhope ya sikelo iyang'ane kwa mlimi. Pa soya, kachipangizo koyezera chinyontho kaonetsedwe poyera, mlingo wake ulembedwe mu mgwirizano. Za kulipira pakatha masiku 30 ziiwalike ngati mukufuna mbewu. Fodya wako ndi amene ali pamphuno: venda wa ndalama m'manja akafika, soya wanu wapita, ngakhale mtengo wake utsike. Lipirani tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake, kaya pa Mpamba kapena Airtel Money.

Kalendala ya kulikulu la kampani sidziwa maliro. M'mudzi mukagwa zovuta khasu silikhudza nthaka mpaka ataika, ndipo lole yobwera kudzatenga matani 10 ibwerera yopanda kanthu. Manijala asakalipe kapena kudula mtengo. Atumize chipepeso, apite yekha ngati angathe, ndipo pakhale makalabu awiri kapena atatu a midzi yosiyana oti lole ikhotereko. Masana a Lachisanu kwa Asilamu, Loweruka kwa a Seventh Day, tsiku la msika, komanso masiku a Umhlangano wa Maseko ku Nkolimbo, musaikepo misonkhano. Akakumana ndi gule panjira apatuke, asatulutse foni kujambula asanapemphe, ndipo nkhalango ya kumanda asalowemo, ngakhale pofuna kuyeza malo a shedi.

Pakatha miyezi isanu ndi umodzi muunikeni. Matani amene wagula muwaona m'mabuku. Pitani mukafunse mlangizi wa dera, a mfumu ndi amayi a m'makalabu iye palibe, ndipo muwerenge kuti mwa alimi amene anasaina, ndi angati alembetsanso chaka chamawa.