Inshulansi ya zachipatala ikakupanikizani ku America, yambirani apa

Amene muli kuno ku America mukudziwa kuti envelopu ya kuchipatala imaopsa kuposa matenda enieniwo. Ndalama ya inshulansi imachoka mwezi ndi mwezi osadumpha, koma tsiku loti mwadwala bilu ikubwerabe, nde munthu umadzifunsa kuti kodi nthawi yonseyi ndimalipira chani. Ine zimandiwawa kuona munthu akutsokomola milungu itatu osapita kwa dokotala chifukwa choopa ngongole.

Posankha pulani musamangoyang'ana premium, ndalama ya mwezi uliwonse ija, ambiri timagwera pamenepa. Palinso deductible, imeneyi ndi ndalama yomwe mumayamba mwatulutsa nokha m'thumba kampani isanayambe kuthandiza, ndiye palinso out-of-pocket maximum, malire oti mukafikapo chaka chimenecho kampani imalipira zotsala zonse bola mukupita kwa madokotala a mu network yawo, kutanthauza madokotala ndi zipatala zomwe kampaniyo inagwirizana nazo. Tengani pepala ndi cholembera, premium ichulukitseni ndi 12, muphatikizepo out-of-pocket maximum ija. Nambala yomwe yatulukayo ndi imene mudzalipire chaka chikakuipirani, ndipo mapulani muziwayerekeza ndi nambala imeneyo. Mudzadabwa kuti pulani yooneka yotchipa nthawi zina ndi yomwe imaluma kwambiri.

Pa HealthCare.gov, webusaiti ya boma yogulirapo inshulansi, mapulani ali pa Bronze, Silver, Gold ndi Platinum, ndipo pa avareji amalipira 60, 70, 80 ndi 90 peresenti ya ndalama zachipatala. Ngati mumapeza zochepa musathamangire Bronze, yang'anani kaye Silver chifukwa thandizo lotsitsa deductible limapezeka pa Silver pokha basi. Kulembetsa kumayamba pa 1 November, koma inshulansi ya kuntchito ikatha, mukakwatira kapena mwana akabadwa mumapatsidwa masiku 60 oti mulembetse. COBRA ija yopitiriza inshulansi ya kuntchito musaivomere musanawerengere, chifukwa pamenepo mumalipira yonse nokha, ndi gawo lomwe abwana ankakulipirirani lija. Medicaid, inshulansi ya boma ya anthu opeza zochepa, ndi CHIP ya ana mutha kufunsira mwezi uliwonse, kungoti zimatengera state yomwe mukukhala komanso mapepala anu, Texas ndi Florida mwachitsanzo sanakulitse Medicaid kuti ifikire anthu ambiri, pomwe ma state ambiri anakulitsa.

Tsopano bilu ikafika, chonde musalipire tsiku lomwelo.

Mchemwali wanga anagonekedwa usiku umodzi wokha pa chipatala china, patapita milungu ingapo kunabwera pepala la mzere umodzi, ndalama yokha basi osafotokoza kuti ndi ya chani. Ndinamupeza atakhala pa tebulo khadi ili m'manja akufuna alipire kuti mtima ukhale m'malo, maso ali ofiira. Ndinamuuza kuti achemwali taikani kaye khadiyo pansi. Tinaimba foni kupempha itemized bill, ija yolemba chinthu chilichonse pachokhapachokha, itabwera tinaiyala pambali pa pepala la kampani ya inshulansi lomwe amati Explanation of Benefits nkumatsata ndi chala mzere ndi mzere, nde tinapeza kuti X-ray imodzi yomweyo anailemba kawiri, kuphatikizapo mankhwala oti iye sanamwe nkomwe. Zinatenga mafoni angapo komanso kudikira pa laini mpaka khutu kutentha, koma anazichotsa.

Mukamaimba mafoni amenewa lembani tsiku, dzina la amene mwayankhula naye ndi nambala ya nkhaniyo, mawa lake mupeza munthu wina woti sakudziwa kalikonse. Funsaninso za financial assistance. Zipatala zomwe sizili za phindu zimakakamizidwa ndi lamulo kukhala ndi ndondomeko yochepetsera kapena kukhululukira bilu anthu opeza zochepa, koma si onse angakuuzeni musanafunse, nde pemphani fomuyo nokha ndipo musachite nazo manyazi. Kuyambira 2022 palinso No Surprises Act, lamulo loti mukapita ku emergency, kapena mukathandizidwa ndi dokotala wa kunja kwa network muli m'chipatala cha mu network, asakulipitseni kuposa mmene mukanalipirira mu network. Ambulansi ya pamsewu yokha sinalowe m'lamuloli, imeneyo muisamale.

Kampani ikakana kulipira musagwe ulesi, muli ndi masiku 180 ochita apilo, ndipo akakananso nkhaniyo imatha kupita kwa anthu apadera omwe si a kampaniyo ndipo zimene agamule kampani iyenera kutsatira. Pemphani dokotala wanu alembe kalata yofotokoza chifukwa chake munafunikira thandizolo.

Zambiri mwa izi zinabwera ndi Affordable Care Act yomwe Barack Obama anasainira mu 2010. Lisanabwere lamuloli kampani inkatha kukukanani chifukwa choti muli kale ndi shuga kapena mphumu, pano sizitheka, ndipo mwana amakhala pa inshulansi ya makolo mpaka zaka 26. Koma kunena zoona ine sindikhutira, lamuloli linatsegulira anthu ambiri chitseko koma mitengo ya zipatala ndi mankhwala ikadali m'mwamba, ndipo thandizo la boma pa premium limasintha malinga ndi zimene Congress yagwirizana. Nchifukwa chake chaka chilichonse muzilowanso pa akaunti yanu nkuona manambala atsopano, osangosiya pulani yakale idzipitirira yokha, ndipo ngati muli ndi ufulu wovota imbirani ofesi ya phungu wanu muwauze zomwe mukulipira.

Ndipo abale anga, mukamva kupweteka pachifuwa kapena mwana akubanika, pitani ku emergency osayamba mwawerengera ndalama. Lamulo la 1986 lotchedwa EMTALA limati chipatala chomwe chimalandira Medicare, inshulansi ya boma ya okalamba, chikuyezeni ndi kukuthandizani kaye, kaya muli ndi inshulansi kaya mulibe. Za bilu mudzakambirana nawo mutachira.