Kalembedwe ka chikalata chokopa anthu pa nkhani ya mtsutso

Mwafunsa mmene mungalembere chikalata chofotokoza maganizo anu pa mtsutso wa majumbo apulasitiki opyapyala, choti mukapereke kwa aphungu a Nyumba ya Malamulo kuno ku Lilongwe.

Choyamba, nenani mbali imene mwaima m'chiganizo chimodzi, chifukwa phungu wotanganidwa sangadikire tsamba lachitatu kuti adziwe chimene mukufuna. Kenaka ikani umboni wosatsutsika: boma linaletsa majumbo opyapyala osafika ma micron 60 (muyeso wa kuchindikala kwa pulasitiki) m'chaka cha 2015, ndipo bwalo lalikulu la apilo linagwirizana ndi chiletsocho mu 2019. Pambali pa mfundozi onetsani zimene aliyense amaona ndi maso, monga majumbo amene amakodwa m'mabango a mtsinje wa Lilongwe pansi pa milatho ya kumsika mvula ikangokata.

Gawo limene ambiri amalithawa, koma ine ndimaliona lofunika kuposa onse, ndi kufotokoza mwachilungamo nkhawa za mbali inayo. Mayi wogulitsa mandasi amafuna chokulungira chotsika mtengo, ndipo ogwira ntchito m'mafakitale amaopa kuchotsedwa ntchito. Muwayankhe mwaulemu ndi mfundo, musawanyoze.

Pomaliza lembani zimene mukufuna zichitike, woyenera kuzichita, ndi nthawi yake. Masamba awiri kapena atatu ndi okwanira.