Malangizo kwa Amene Ahaya Boti pa Nyanja ya Mcele ku Zanzibar

Malangizo awa ndi a inu amene mucokela ku Lusaka ndipo mwahaya boti yanuyanu, ya banja kapena ya gulu, kuti mukawedze nsomba, mukaone za pansi pa madzi ndi kuyendela tizisumbu tozungulila Unguja, cisumbu cacikulu ca Zanzibar. Awelengeni musanalipile dipoziti. Amene wasaina pepala la mgwilizano ndiye adzayankha pa zocita za gulu lonse, conco iyeyo awawelenge kawili.

Boti ndi yanu kwa maola amene mwalipilila, koma wolamula m'botimo ndi a kaputeni, amene kumeneko amawacha nahodha. Iwo akakana kupita kumalo ena cifukwa ca mphepo kapena mafunde, nkhani yathela pomwepo, ngakhale mutalipila zambili bwanji.

Kafikidwe ndi nthawi

Mungapite pa ndege kucokela pa Kenneth Kaunda International Airport, pa basi kucokela ku Intercity kudzela ku Nakonde, kapena pa sitima ya TAZARA imene imayenda makilomita 1,860 kucokela ku Kapiri Mposhi kufika ku Dar es Salaam. Oyenda pa basi kapena pa sitima asaike tsiku la boti kukhala mawa lake atangofika. Siyani tsiku limodzi pakati. Kucoka ku Dar es Salaam kuwolokela ku Zanzibar pa sitima ya pamadzi ndi ulendo wa maola pafupifupi awili. Munthu wa pasipoti ya Zambia safunika viza, koma pasipotiyo ikhale pafupi cifukwa amaionanso pofika pa cisumbu, ngakhale kuti ndi ku Tanzania komweko. Kuyambila mu October 2024, alendo olowa ku Zanzibar amafunika kugula inshuwalansi ya boma la kumeneko, ngakhale ali kale ndi ina.

Nthawi ya ku Tanzania ili patsogolo ndi ola limodzi. Komanso m'Ciswahili maola amayamba kuwelengedwa m'mawa dzuwa likatuluka, moti "saa mbili asubuhi" ndi 08:00. Pemphani kuti nthawi yonyamuka ilembedwe m'manambala pa lisiti lanu.

Madzi amacoka, amabwela

Apa ndi pamene anthu a kwathu amasocela kwambili. Amene anazolowela ku Siavonga amadziwa kuti madzi a Kariba amakwela kapena kutsika malinga ndi mvula ya caka, pang'onopang'ono. Nyanja ya mcele imacita zimenezi kawili pa tsiku. Madzi amadzala kwa maola pafupifupi 6, kenako n'kuphwela kwa maola enanso 6, ndipo tsiku lililonse nthawiyo imacedwelako ndi mphindi pafupifupi 50. Mwezi ukakhala watsopano kapena wathunthu, kusiyana kwa madzi odzala ndi ophwela kungafike pafupifupi mamita 4. Kum'mawa kwa cisumbu, monga ku Paje, Jambiani ndi Matemwe, madzi amathawa kutali kwambili moti boti imene inali kuyandama m'mawa mungaipeze itakhala pa mcenga masana.

Ndiye cifukwa cake nthawi yonyamuka siikambilana. A kaputeni akati 07:00, sikuti afuna kukuvutitsani ndi kulawila. Aona kuti pofika 08:30 njila yotulukila pakati pa matanthwe idzakhala yosazama. Gulu likacedwa, ulendo umafupika kapena kulepheleka, ndipo pa mlandu wotelo ndalama sizibwezedwa kawilikawili. Zoyembekezela munthu mmodzi amene akali kusamba kapena kusita zovala, zisiyeni ku Lusaka.

Mphepo nayo ili ndi nyengo zake. Kuyambila December mpaka March imacokela kumpoto cakum'mawa, ndipo amaicha kaskazi. Kuyambila ca mu April mpaka ca mu September kapena October imacokela kum'mwela cakum'mawa, amaicha kusi, ndipo imalimba kwambili m'miyezi imene kuno kumazizila. Mvula yaikulu imagwa kuyambila March mpaka May. Masiku ambili nyanja imakhala yabata m'mawa kuposa masana, conco ngati muli ndi ana kapena acikulile, sankhani ulendo wa m'mawa.

M'boti

Musanakwele, onani ndi maso anu kuti ma life jacket alipo okwanila munthu aliyense, ndi kuti a ana ndi ocepa molingana ndi matupi awo. Jekete ya munthu wamkulu imamuvuka mwana akangogwela m'madzi. Ana ndi onse osadziwa kusambila avale nthawi yonse boti ili paulendo, atamanga malamba onse. Funsaninso kumene kuli wailesi, bokosi la mankhwala ndi cozimitsila moto. Pa wailesi ya pamadzi, canelo yoitanila thandizo ndi 16. Foni musaidalile, netiweki imatha mukatalikila gombe.

Ciwelengelo ca anthu cimene cinalembedwa pa mgwilizano sicisintha pa gombe. Msuweni amene wangotulukila m'mawa womwewo sadzakwela.

Khalani pamene akuuzani, ndipo musathamangile mbali imodzi nonse mukaona cinthu m'madzi. Mselu ndi cizungulile zimagwila aliyense, ngakhale anthu amphamvu. Amene afuna kumwa mapilisi oletsa mselu amwe kukali ola limodzi kuti boti inyamuke, osati atayamba kale kusanza, ndipo amayi apakati ndi odwala matenda okhalitsa afunse kaye kucipatala. Idyani zocepa, zopanda mafuta ambili. Mselu ukayamba khalani pakati pa boti, yang'anani patali pamene madzi akumana ndi thambo, ndipo ikani foni m'cola. Uzani a kaputeni pasadakhale ngati wina ali ndi shuga, BP, cifuwa ca mphumu kapena khunyu.

Mowa: ambili amalola wocepa pobwelela, koma amene wamwa salowa m'madzi. Madzi akumwa tengani ambili kuposa mmene muganizila. Dzuwa la panyanja limaomba kucokela kumwamba ndi kubwelelanso kucokela pamadzi, ndipo khungu lakuda nalo limapsa, makamaka pamapewa, pakhosi ndi kuseli kwa miyendo. Cipewa, malaya a manja aatali ndi mafuta oteteza khungu n'zofunika.

Kuwedza

Kawedzedwe kofala ndi kokoka nyambo kumbuyo boti ikuyenda pang'onopang'ono. Ndodo zimakhala m'malo ake, ndipo anchito a m'boti ndiwo amachela kulimba kwa cingwe kuti nsomba ikakoka mwamphamvu, cingwe cizituluka m'malo moduka. Musakhudze pamene achelapo. Nsomba ikagwila, mmodzi yekha ndiye atenge ndodo. Ena onse acoke kumbuyo kwa boti. Kwezani ndodo pang'onopang'ono, kulungani cingwe poitsitsa, ndipo musacilole kukhwepa. Osakulunga cingwe ku dzanja kapena ku cala ngakhale pang'ono, cifukwa nsomba yaikulu ikathamanga cimaceka ngati mpeni.

Nsomba zimene mungakumane nazo ndi tuna, kingfish, dorado, wahoo, barracuda, sailfish, ndipo mwa mwayi marlin, makamaka ca ku Pemba Channel, pakati pa cisumbu ca Pemba ndi gombe la Tanzania, kumene madzi ndi ozama kwambili. Amene anagwilapo mceni pa Zambezi adziwa kale kuti cala sicipita pafupi ndi kamwa; wahoo, barracuda ndi kingfish ali ndi mano otelo. Kuikweza m'boti ndi kucotsa mbedza ndi nchito ya anyamata a m'boti.

Maboti ambili amabweza sailfish ndi marlin m'madzi zili zamoyo. Jambulani mwamsanga nsombayo ili m'mbali mwa boti, kenako aimasule. Za nsomba zina, gwilizanani musananyamuke kuti zikhala za ndani, pakuti ena amapatsa alendo gawo la cakudya ca madzulo ndipo zotsala zimakhala za anchito. Ife tiona kuti ndi bwino kutelo. Nsomba yaiwisi siingafike ku Lusaka ili bwino pa ulendo wa basi, ndipo anyamatawo ali ndi mabanja. Palibenso amene angalonjeze kuti mudzagwila kanthu. Mwalipilila boti, mafuta ndi luso la anthu ake. M'malo otetezedwa, monga matanthwe a pa cisumbu ca Chumbe, kuwedza n'koletsedwa kothelatu.

Kuona za pansi pa madzi

Mudzapatsidwa magalasi ophimba maso ndi mphuno, kapaipi kopumila ndi zipsepse za kumapazi. Yesani magalasi mukali m'boti: aikeni kumaso osavala lamba, kokelani mpweya pang'ono ndi mphuno, akamamatila, akukwanani. Tsitsi kapena wigi zisalowe m'mphepete mwake, apo ayi madzi adzalowa. Kuti asacite nkhungu, pakani malovu mkati n'kutsukuluza pang'ono. Pumani ndi pakamwa, modekha. Madzi akalowa m'kapaipi, uzilani kamodzi mwamphamvu, kapena dzutsani mutu n'kukacotsa pakamwa.

Madzi a mcele amayandamitsa thupi kuposa a mumtsinje, koma zimenezi zisakunamizeni. M'nyanja muli mikokomo ya madzi oyenda imene siioneka pamwamba, ndipo munthu amene maso ali pansi kutsatila nsomba angadzutse mutu n'kupeza boti ili kutali. Lowani awiliawili, dzutsani mutu pafupipafupi, ndipo madzi akakukokani musalimbane nawo: yandamani, kwezani dzanja, boti idzabwela. Osadziwa kusambila angaone nawo atavala jekete ndi kugwila cingwe kapena coyandama ca wotsogolela, ndipo palibe manyazi pa zimenezi. Musalumphile m'madzi kapena kuyandikila makwelelo mpaka a kaputeni atanena kuti injini yaima.

Makorali amaoneka ngati miyala yamitundumitundu, koma ndi zamoyo zimene zimakula pang'onopang'ono kwambili. Musaimepo, musagwile, musathyole. Ndi mmenenso mumadzitetezela, pakuti m'matanthwe muli ma urchin a minga yaitali yakuda, ndiponso stonefish, nsomba ya ululu woopsa imene imafanana ndi mwala. Wolasidwa ndi stonefish aviike malowo m'madzi otentha mmene angapilile popanda kupsa, ndipo apite naye kucipatala mwamsanga. Jellyfish, kanyama kofewa koyandama m'madzi, ikakuwaulani, tsukani ndi madzi a m'nyanja, osati akumwa, ndipo musatikite. Ku Kizimkazi kumene kumapezeka ma dolphin, musakakamize a kaputeni kuwathamangitsa kapena kuwadula njila.

Pa zisumbu

Pa Changuu, cimene ambili amacidziwa kuti Prison Island, pali akamba akuluakulu amene oyamba ake anacokela ku Seychelles mu 1919. Musawakwele pamsana, ndipo muwapatse cabe cakudya cimene osamalila alola. Nakupenda ndi mulu wa mcenga umene umamila madzi akadzala, conco akati tiyeni, nyamulani zonse nthawi yomweyo. Pa Mnemba mungasambile m'madzi ozungulila, koma cisumbuco ndi ca eni ake ndipo alendo a tsiku limodzi saloledwa kutsikapo. Ku Chumbe amalandila anthu owelengeka, olembetsa pasadakhale.

Zigoba ndi makorali, ngakhale akufa, zisiyeni pomwepo. Angakulandeni pa bwalo la ndege. Majumbo a pulasitiki ndi oletsedwa ku Tanzania kuyambila mu June 2019. Zinyalala zonse zibwelele m'boti. Anthu ambili a ku Zanzibar ndi Asilamu, conco mukatsikila pamudzi kapena ku Stone Town valani citenje kapena malaya pamwamba pa zosambila, ndipo pemphani musanajambule munthu.

Za ndalama

Funsani, ndipo zilembedwe, ngati mtengo uphatikiza mafuta a boti, cakudya, zida zowedzela ndi ndalama zolowela m'malo otetezedwa, cifukwa zolowelazi nthawi zambili zimalipilidwa padela, munthu aliyense payekha. Mgwilizano unenenso cimene cidzacitika a kaputeni akaimitsa ulendo cifukwa ca nyengo: kusintha tsiku kapena kubweza ndalama. Cida cimene mwataya kapena kuthyola mosasamala mudzalipila. Kwacha sagwila nchito kumeneko. Sinthani kukhala ma shilling a ku Tanzania musanafike ku gombe, ndipo mukhale ndi ndalama zing'onozing'ono ngati mufuna kuthokoza anchito. Musapeleke dipoziti kwa munthu amene mwangokumana naye pa mcenga popanda kuona boti ndi mapepala ake.

Pocoka pa malo alionse, amene anasaina mgwilizano awelenge anthu ake mmodzimmodzi pamodzi ndi a kaputeni nangula asanakwezedwe. Boti iyenela kufika pa gombe kusanade, ndipo kumeneko dzuwa limalowa pakati pa 18:00 ndi 19:00 caka conse.