Kuchotsa khansa ya sarcoma mkati mwa chiuno: zoyenera kutsata

Sarcoma ndi khansa yoyambira m'minofu, m'mafuta kapena m'mafupa. Opaleshoni yoyamba ndiyo imapatsa wodwala mwayi waukulu wochira. Chotupa chikang'ambika kapena kuchotsedwa zidutswazidutswa, maselo a khansa amamwazika m'mimba ndipo matenda amabwerera. Choncho chotupa cholimba chamkati mwa chiuno, chomwe sichinadziwike mtundu wake, musachitsegule pachipatala chaching'ono. Wodwalayo mumutumize kuchipatala chachikulu.

Yambani ndi kujambula. Sikani ya MRI ya m'chiuno imaonetsa pamene chotupa chakhudza, ndipo sikani ya CT ya pachifuwa ndi yofunika chifukwa khansa imeneyi imakonda kufalikira kumapapo. Kenako tengani kanyama kokapima ndi singano yaikulu ya 14G kapena 16G, mukuyang'ana pa sikani. Liposarcoma (sarcoma yoyambira m'mafuta) ndi leiomyosarcoma (yoyambira m'minofu) ndizo zimapezeka kawirikawiri pamalo amenewa.

Tsiku la opaleshoni lisanafike, magazi akhale okonzeka, mapaketi anayi kapena kuposa. Ikani timachubu m'njira zotengera mkodzo kuchokera ku impso, kuti zizimveka m'manja pofufuza. Njirazi zimadulidwa mosavuta chotupa chikazikankhira pambali. Muuzeni wodwala mosabisa kuti mwina adzadzuka ndi thumba la chimbudzi pamimba.

Mukatsegula mimba, musathamangire chotupacho. Pezani kaye mitsempha ikuluikulu yamagazi ya m'chiuno (iliac), muizungulize ndi timalamba kuti magazi akayamba kutuluka muthe kuwatseka. Chotupa chichoke chathunthu, chokutidwa ndi nyama yabwino. Ngati chamatirira ku chikhodzodzo, ku chiberekero kapena kuthumbo lotulukira chimbudzi, dulani mbali ya chiwalocho pamodzi nacho. Kuchisenda kumasiya khansa m'mbuyo. Mitsempha yotumiza mauthenga kumwendo, ya femoral ndi sciatic, isungeni ngati khansa sinalowemo, chifukwa ikadulidwa mwendo umafooka.

Choopsa kwambiri ndi timitsempha tamagazi takutsogolo kwa fupa la kumapeto kwa msana. Tikang'ambika timabwerera m'fupa, ndipo kuyesa kutigwira ndi zopanira kumangokulitsa bala. Tsinderani nsalu za opaleshoni mwamphamvu. Magazi akakana kusiya, nsaluzo zisiyeni momwemo, mutseke, mudzazichotse pakatha maola 24 mpaka 48.

Chotupacho chiikeni zizindikiro za ulusi kuti akulabu adziwe mbali zake, n'kuchimiza mu formalin (mankhwala osungira nyama kuti isaole) wa 10 peresenti.

Wodwala ayambe kuyenda msanga, ndipo alandire jakisoni wa heparin kwa masiku 28 kupewa kuundana kwa magazi m'miyendo. Azibwera kudzajambulidwa miyezi itatu kapena inayi iliyonse pa zaka ziwiri kapena zitatu zoyamba, kenako miyezi 6 iliyonse mpaka zaka 5, ndipo pambuyo pake kamodzi pachaka.