Momwe Tinathetsera Mzere wa Malole Panyumba Yosungiramo Katundu

Panyumba yosungiramo katundu yomwe ndimayang'anira ku Kanengo, malole ochokera ku Beira ankakhala pamzere mpaka madzulo, ndipo chiwerengero cha matumba a feteleza cha m'kaundula sichinkagwirizana ndi matumba omwe anali m'nyumbamo. Tinayesa kuwonjezera aganyu, koma anthu ankangopingasana pakhomo limodzi lomwelo. Kugwira ntchito mpaka usiku nako kunangotidyera ndalama.

Choyamba tinagawa nthawi, kuti kutsitsa kuzichitika m'mawa, kupakira masana. Kenako tinalemba pansi mizere ya penti yachikasu, uliwonse ndi nambala yake, kuti matumba ofika kale aziyamba kutuluka.

Chomwe chinathandiza kwambiri ndi malo olandirira omwe tinapatula pafupi ndi khomo. Thumba lililonse limayamba lafikira pamenepo n'kusanjidwa pamapaleti (timathandala tamatabwa tosanjapo katundu), ndipo kalaliki amawerenga limodzi ndi dalaivala, akuyerekeza ndi delivery note, yomwe ndi kalata yosonyeza katundu amene dalaivalayo wabweretsa. Matumba ong'ambika kapena onyowa amaikidwa pambali n'kulembedwa pa GRN (chikalata cholembapo katundu amene talandira) nthawi yomweyo, dalaivala n'kusayinira, chifukwa lole ikangotuluka pageti palibenso amene amavomera kuti thumba linabwera lobooka kale.

Zomwe tinagula ndi penti, bulashi ndi buku la GRN basi.